Tsekera wa Kuseri kwa Nkhokwe

Chaka chimene asipayi, apolisi a atsamunda, anatenga amuna anga kupita nawo ku chibalo, ntchito yokakamiza yolambula msewu, ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Anawatenga chimanga titangokolola. Akutuluka pabwalo, anandilozera tsekera amene anamera kuseri kwa nkhokwe yathu, nati, "Udzu uwo usaukhudze, ungadzipweteke. Ndidzamweta ndekha ndikabwera, tifolere nyumbayi."

Mawu amenewo ndinawasunga mopusa. Kwathu ku Lifidzi aliyense ankadziwa kuti chisanu chikamatha, umalambula kuzungulira nyumba ndi nkhokwe, n'kutentha udzu wotsala m'mawa mame asanaume. Anzanga onse anatero. Ine ndinalambula kumaso kokha. Kuseri ndinakusiya, chifukwa mumtima ndinkaona ngati kumweta udzuwo n'kuvomera kuti mwini wake sabweranso.

Amalume, amene ankakhala kutsidya kwa dambo, anandidzudzula kawiri konse. "Iwe, ukuweta udzu ngati mbuzi? Moto umapita kumene kwatsala tchire." Ndinawayankha mwamwano kuti tchirelo lili ndi mwini wake.

Miyezi isanu ndi umodzi ya chibalo inakwana, munthu osaoneka. Dzuwa linafika poswa mtengo, tsekera uja anauma mpaka kumalira yekha mphepo ikawomba. Tsiku lina masana ndinaona akabawi akuzungulira pamwamba pa phiri, pansi pawo utsi. Osaka mbewa anali atayatsa, ndipo mphepo inkabwera kwathu.

Ndinagwira khasu. Mimba inali itafika pakhosi, kuwerama kunkandikanika. Ndinalima mwina mikono itatu yokha, phulusa layamba kale kugwera pamutu panga. M'nkhokwemo munali chimanga chonse ndi nyemba za mbewu, chakudya changa ndi cha mwana amene anali asanabadwe. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinathira mtsuko umodzi wamadzi padenga la nkhokwe, madziwo anangozimirira. Ndinakuwa, koma aliyense anali pa nyumba yake.

Amalume anafika akuthamanga, nthambi zaziwisi zili paphewa. Sanandikalipire. Anapalasa msangamsanga kanjira m'mbali mwa nkhokwe, kenaka anasolola chikuni pamoto wanga n'kundipatsa.

"Yatsa udzuwu kuyambira pano. Moto wathu ukakumane ndi winawo kutali."

"Amalume, anati ndisaukhudze."

"Ndamva. Koma manja angawa akhala ndi nthambi, kutchinga kuti usalumphire kunkhokwe. Sankha, mwana wanga: denga la mawa kapena chakudya."

Ndinayatsa ndikulira ngati pamaliro. Tsekera anayaka ndi mkokomo, amalume akupuntha malawi onse obwerera kwa ife, malaya awo akufuka utsi. Ine ndinkaponda zothetheka ndi mapazi opanda kanthu, osamva n'kupsa komwe. Moto wa kuphiri utafika, unapeza pakuda kale, unakhota n'kutsikira kudambo. Nkhokwe inatsala, itangowauka mbali imodzi.

Mwana anabadwa mvula yoyamba itagwa, m'nyumba yodontha. Ndinkamusuntha pamphasa kuthawa madontho, koma njala sitinagone nayo.

Za amuna anga tinangomva mphekesera. Ena ankati anathawira ku Nyasalande, ena ankati chifuwa chinawatenga kumsewu komweko. Palupsa paja tsekera anameranso, wamtali kuposa kale. Chisanu chitafika ndinanola chikwakwa, ndinabereka mwana kumbuyo, n'kukamweta ndekha.