Bokosi la ku Sikotilandi linatsikira pa Naisi

Masabata asanu ndi awiri ndinkauzidwa kuti bokosi la mwana wanga lili pa ulendo wa ku Sikotilandi. Katundu wake ndinakamupeza pa Naisi. Pa Naisi pompa, pamene munthu wochokera ku Domasi amafika minibasi isanatenthe n'komwe. Zinachitika m'ma 90, matipati ambiri atangoyamba kumene, koma mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Tamverani.

Ine ndine telala, ndimakhala ku Domasi, kufupi ndi ku Mishoni. Mwana wanga Felesiya ankaphunzira zisudzo ku yunivesite. Ali chaka chachitatu anasankhidwa pamodzi ndi anzake asanu kuti akaphunzire kunja teremu imodzi, Seputembala mpaka Disembala. Pomaliza ankayenera kuonetsa sewero lawo, la mayi wodikira mwamuna wake amene anapita ku migodi ya ku Joni. Sewerolo ndilo linali mayeso awo, ndipo mayi wodikirayo anali Felesiya.

Zovala zonse za m'sewerolo ndinasoka ine, khumi ndi ziwiri, chilichonse ndi dzina la mwiniwake mkati mwa kolala. Achimwene anga anatibwereka ng'oma zawo zitatu. Felesiya anapemphanso chisoti cha kumgodi cha malemu bambo ake, amene anagwiradi ntchito ku Joniko. Ndinakana masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinamupatsa.

Pandege munthu ankaloledwa makilogalamu 20 okha, ndipo bokosi lachitsulo limene tinalongedzamo zonsezi linkalemera 47. Linafunika kutumizidwa palokha. Aphunzitsi awo ankafuna kulitengera ku Blantyre, koma ine ndinalowererapo. Ndinati, "Muvutikiranji? Tili naye munthu wathu." Munthu wathuyo anali a Kalitera, amene anali ndi kaofesi kotumiza katundu kunja m'tauni ya Zomba. Tinkapemphera mpingo umodzi. Pa mapemphero otsanzikana ndi Felesiya, ndi iwowa amene anaimirira n'kunena kuti mwanayu ndi wa tonse.

Ana ananyamuka Lamlungu. Lolemba 9 koloko m'mawa ndinakasiya bokosi. A Kalitera analiyeza ine ndikuona, ndinalipira pomwepo. Nditapempha pepala la kundege, lokhala ndi nambala yolondolera katundu, anati libwera, risiti yawo ndi yokwanira. "Amake Felesiya, masabata awiri basi. Lifika mwanayo asanazolowere n'kuzizira komwe."

Kalata yoyamba ya Felesiya ndinaiwerenga kanayi. Anati amupatsa chipinda chayekha pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, chokhala ndi chitsulo chotenthetsa chimene masiku atatu ankaopa kuchikhudza. Anati mvula ya kumeneko ilibe nyengo, anthu sapatsana moni panjira, ndipo mbatatesi amadya m'mawa, masana ndi madzulo. Mnzake wina anakwera basi yolakwika n'kukatsikira ku nkhosa. Koma ku kalasi kunali bwino, azungu ankangofuna kumva nyimbo zathu. Pansi penipeni analemba kuti, "Amayi, bokosi silinafike."

Ndinapita ku ofesi Lachiwiri. Ndinafika 8 koloko, ndinapeza potseka. Mtsikana wa pa desiki anatsegula 10 koloko itapitirira, atanyamula mandasi. Anati abwana apita ku Blantyre, ndibwere Lachinayi. Lachinayi anati abwana angotuluka kumene, koma bokosi lili pa Chileka, likudikira malo pandege. Sabata yotsatira anati lanyamuka. Ndinafunsa kuti lanyamuka liti, pa ndege iti? Anatsegula kabuku, n'kukatseka, n'kunena kuti zimenezo amadziwa ndi abwana.

Kodi abwanawo anali mphepo? Lamlungu lililonse ndinkawaona ku tchalitchi, kutsogolo, jekete yosita bwino. Ndinkachita manyazi kufunsa za ntchito pa nyumba ya Mulungu, koma tsiku lina ndinawadikira panja. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Musadandaule mayi. Lafika ku London, lagwidwa pang'ono ndi a kasitomu. Mukudziwa azungu ndi zikopa za nyama." Ndinawathokoza. Inde, ndinawathokoza, mpaka ndinawerama!

Sabata yachisanu ndinapempha foni kunyumba kwa aphunzitsi ena ku Mishoni, ndipo Felesiya anaimba 4 koloko masana monga tinapanganirana m'kalata. Mawu ake sanali a mwana amene analemba za nkhosa. Anati akuyeserera sewero pomenya ndowa zokolopera, atadzifunda nsalu za pabedi. Mphunzitsi wawo wachizungu anaimbira foni maofesi onse a katundu ku London, ndipo kulikonse ankafunsidwa nambala ya pepala la kundege. Nambalayo tinalibe.

"Amayi, anzanga sakundiyankhula bwino. Akuti bokosi likanapita ku Blantyre bwenzi litafika. Akuti ndi amayi ako."

Ndinati, "Limba mtima mwanawe, a Kalitera sangatinamize."

Foni inaduka.

Loweruka la sabata yachisanu ndi chiwiri kunali ukwati pa Naisi. Ndinapita chifukwa madiresi a operekeza mkwatibwi ndinasoka ine. Titachoka ku tchalitchi, tikukhala pansi m'chisakasa cha m'ma 2 koloko, kunalowa gulu lovina. Ng'oma itangolira ndinadzidzimuka. Ng'oma yaikulu ya achimwene ili ndi mawu akeake, ndinakula ndikuimva. Ndinadziuza kuti ng'oma zimafanana. Kenako ndinaona zovala.

Telala saiwala msoko wake. Ndinaimirira, n'kugwira mtsikana mmodzi pa phewa, n'kutembenuza kolala. Munalembedwa kuti Felesiya, ndi ulusi wofiira, ndi dzanja langa. Mtsikanayo anati, "Mayi, n'chiyani?" Koma maso anga anali kale pakati pa bwalo, pamene panali mwamuna wina akuseketsa anthu, akuyenda ngati woledzera, atavala chisoti cha amuna anga. Itakwana nthawi ya perekaniperekani anachivula, n'kuchigadabuza, anthu n'kumaponyamo ndalama akuseka.

Sindinakuwe. Unali ukwati wa ana a eni, analakwanji? Ndinatengera pambali mtsogoleri wa gululo n'kumufunsa kumene anapeza zinthuzo. Sanabise. Anati amabwereka kwa a Kalitera Loweruka lililonse, ndipo umenewu unali ukwati wachinayi.

Lolemba 7 koloko ndinali nditakhala kale pa khonde la ofesi, achimwene ali pambali panga. Abwana osapezeka aja anafika hafu pasiti 8. Atationa anafuna kubwerera, koma achimwene anaima panjira. Titalowa, bokosi tinalipeza kuseri kwa katani, atayalapo nsalu, pamwamba pali makapu a tiyi. Katani yomweyo ndinkaiyang'ana ulendo uliwonse.

Poyamba anati ndege zakwera mtengo, ankadikira kuti zitsike. Kenako anati zovala zikakhalitsa m'bokosi zimachita nkhungu, ndiye ankazitulutsa kuti zipitidwe mphepo. Zipitidwe mphepo pathupi pa anthu ovina? Nanga London uja? Anati iwo sananene London, mwina ndinamva molakwika. Nditayamba kulira, anaseka pang'ono n'kunena mawu amene sindidzawakhululukira.

"Amake Felesiya, si zamasewero izi? Mukulira ngati munali mankhwala a wodwala."

Zamasewero. Mwana wanga ali kutali, kozizira, akumenya ndowa pamaso pa azungu, anzake akumuloza chala, ndiye akuti zamasewero.

Katundu tinatolera tsiku lomwelo. Ng'oma imodzi inali itang'ambika, zovala ziwiri zinasowa, chisoti chinali chitaphwanyika mbali imodzi. Achimwene anathamanga nazo ku Blantyre, koma kumeneko anatiuza zoona: panafunika chikalata cha zikopa za ng'oma, ndipo sichikanatuluka sewero lisanachitike. A Kalitera ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Bwanji sananene? Akanati sangathe, kodi ndikanawamenya?

Ana anaonetsa sewero lawo ndi ndowa zomwezo. Mayeso anakhoza, koma popeza panalibe ng'oma, aphunzitsi anali atachotsa magule onse atatu a m'sewerolo, kuphatikizapo gule womaliza wa Felesiya amene anamukonzekera chaka chathunthu. Nkhaniyi ndinaitengera kwa akulu a mpingo. Anati tikhululukirane, ndife a banja limodzi. A Kalitera sanapepese, ndipo ofesi yawo sinatsekedwe ngakhale tsiku limodzi.

Felesiya anabwera Khirisimasi itayandikira. Anandibweretsera juzi yaubweya. Sanandikalipire, sanafunse za bokosi. Tsiku lina ndikupalasa makina anakhala pafupi nane n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, ulendo wina zinthu za kusukulu muzingondisiyira." Mwa anzake asanu aja, palibe amene anapondanso pakhomo pathu.

Ndiye inu a ku Domasi, a ku Malosa ndi kwina konse amene muli ndi ana opita kunja, ndimvereni ine amene zinandionekera. Musachoke pa ofesi ya katundu musanagwire pepala la kundege ndi nambala yake. Akati libwera mawa, nyamulani katundu wanu muzipita. Akakhala munthu wa mpingo wanu, funsani kawiri, chifukwa manyazi anga ndi amene anamudyetsa munthu ameneyu masabata asanu ndi awiri.

Ndipo inu a Kalitera, ngati wina angakuwerengereni izi, ndili ndi funso limodzi. Lamlungu lija munandigwira dzanja n'kunditchulira London, dzulo lake munali mutabwereketsa kale diresi la mwana wanga ku ukwati. Munatha bwanji kundiyang'ana m'maso?