Chigubu Kuseri kwa Matayala

Zaka zonse zimene ndakonza galimoto pansi pa mtengo ku Matero, oyilo ndinkamuyesa ndi zala. Ukamutikita n'kumva kuti ndi wolemera, wonanda, ndiye oyilo ameneyo. Tonse tinkatero, ndipo maminibasi athu ankayenda mpaka kukalamba.

Mwana wanga wamkazi atagula galimoto yake yoyamba, ya ku Jeremani, anabwera nayo kwa ine kuti ndisinthe oyilo. Anzanga anasiya masipanala kudzaiona, ine ndikunyadira. Anandipatsa chigubu cha oyilo ndi kabuku ka galimotoyo.

"Badadi, muikemo uyu chabe. Onani nambala ili mu buku, ni yamene ili pa chigubu. Bamene banapanga motoka banavomeleza uyu."

Ndinaviikamo chala. Madzi enieni. Ndinaseka anzanga akuona.

"Bakunamiza iwe, aya ni manzi. Bamene banalemba sibaziba fumbi ya Matero."

Atapita kuntchito ndinathiramo oyilo wanga wolemera wa mumgolo, chigubu chake n'kuchiponya kuseri kwa matayala akale. Sindinamuuze. Ndinkati ndikumuteteza.

Mvula isanagwe injini inafa mwana wanga akuchokera ku Mtendere. Kugalaja ya m'tauni anamuuza kuti tinjira ta oyilo m'injini zotere n'topapatiza kwambiri, oyilo wolemera amachedwa kudutsa, zitsulo zinkakhulana zouma. Anabwera kunyumba osakhulupirira, akuti awanamizira bambo ake. Akuyankhula choncho, maso ake anagwera kuseri kwa matayala. Ananyamula chigubu chija, chodzaza, n'kuchiika pamapazi panga. 

Mpaka lero ndimakwiya. Ndimakwiyira anthu amene anakhala m'maofesi kutali uko n'kulemba kanambala kamene kanasandutsa zala zanga zopanda ntchito, osatifunsa ife amene timagona pansi pa galimoto. Koma chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nambalayo mwana wanga anandilozera ndi chala chake, ine n'kuseka.

Pano ali ndi galimoto ina. Lamlungu akatuluka m'tchalitchi amabwera kudzationa, koma amaimika kutsidya kwa msewu, kutali ndi mtengo wanga. Sabata yatha ndinamva lamba wa injini akulira pamene ankaimika. Kanthu kakang'ono, ka sipanala imodzi.

"Segula boneti, nione chabe," ndinatero.

"Musavutike, badadi."

Anamwetulira, n'kuika makiyi m'chikwama, n'kutseka zipi.