Mabuleki a Vani Yanga ndi Alamu Anga

Ndinayendetsa minibasi zaka zambiri pakati pa Limbe ndi Ndirande ndisanabwere ku Dublin, ndiye za galimoto munthu asandiuze. Ndinkatero mokweza, ngakhale popanda wondifunsa.

Vani yanga inali nkhalamba, yoyera mwa dzina lokha. Ndinkanyamulira makina ochapira makapeti m'maofesi a ku Santry. Loweruka lililonse ankaibwereka alamu anga, achimwene a mkazi wanga, kukatolera katundu amene anthu amatumiza kumudzi. Iwowa ndi ankhoswe athu, ndiponso m'bale yekhayo amene mkazi wanga ali naye m'dziko lino. Kuyambana nawo kunali kumusiya mayiyu yekhayekha. Ndinkadziwa bwino lomwe.

Koma vani ikachoka kwa alamu inkabwera ikununkha ngati ndiwo zopserera. Kugwira tayala lakumbuyo, moto! Pofika Lachiwiri fungo latha, Loweruka likadutsa layambiranso. Buleki yakuphazi nayo inayamba kupita pansi, mpaka ndipope kawiri ndiye igwire.

Mtima wanga unayamba kulemba milandu. Mwina amapakira mopyola muyezo. Mwina amaphunzitsira anzawo kuyendetsa. Ndiye panali mnzawo wina wa ku Zambia, wa vani yofanana ndi yanga. Eee, basi, ndinati ndawagwira: amamasula zitsulo zanga zabwino n'kundiikira zakutha. Ndinatenga penti wa zikhadabo wa mkazi wanga n'kudontheza pa manati onse a matayala. Vani itabwerako, madontho anali momwemo. Mukuganiza kuti ndinachita manyazi? Ndinati akathyali amenewa aona, apentanso.

Tsiku lina pa raundabauti ya ku Swords ndinaponda buleki, vani osaima. Ndinapopa, ndinapopa, inakaimira pafupi zedi ndi galimoto ya mayi wina yemwe anali ndi ana kumbuyo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinapita kwa alamu ku Ongar. M'nyumba munali alendo, koma ine ndi mkwiyo wangawo sindinalabadire.

"Alamu," ndinatero, "ngati mukufuna mlongo wanuyu akhale wamasiye, ingonenani. Zitsulo za vani yanga mwapititsa kuti?"

Mkazi wanga anandigwira malaya, ndinamukankha dzanja. Alamu anadzuka, analowa kuchipinda, anabwera ndi kiyi wachiwiri wa vani n'kumuika patebulo.

"Pepani alamu," anatero. Ine mumtima ndinati wolakwa sachedwa kupepesa.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa makaniko wina wachikulire wa konkuno, kuti ndikapeze umboni. Anayamba ndi mafuta a buleki: odzaza, osadontha paliponse. Anaponda buleki n'kuigwira, sinapitirire kutsika. Kenaka anakoka handibuleki ndi manja awiri, inalira ngati chitseko chakale. Ataitsitsa anakweza vani pa jeke. Tayala lakumbuyo linakana kuzungulira. Atalimasula anandionetsa waya wa handibuleki, dzimbiri lokhalokha.

"Mumaikoka kangati?" anandifunsa m'Chingerezi.

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti dalaivala weniweni sakhulupirira handibuleki. Kwathu minibasi timaisiya m'giya, pamtsetse n'kuponyera mwala kunsi kwa tayala. Ndinamuonetsa njerwa yomwe ndinkayenda nayo kuseri kwa mpando. Chigulireni vaniyo ndinali ndisanaikokepo.

Mkuluyo anakanda mutu. Anati pa vani ngati imeneyi, kukoka handibuleki n'kumene kumasendeza mabuleki akumbuyo akamadyeka. Osaikoka, amatalikira, phazi n'kumapita pansi. Ndipo ndi mvula ya kuno, waya wosagwira ntchito amauma ndi dzimbiri. Wina akadzamukoka sabwereranso bwino, tayala limayenda litagwidwa, n'kumatentha.

"Alipo amene amaikoka," anatero. "Ameneyo ndiye amachita zolondola. Zitsulo zanu zonse ndi zakale, palibe anazigwirapo."

Kalanga ine! Woikokayo anali alamu. Ndinakhala pa tayala lakutha m'galajamo, manyazi atandigwira.

Ndinapita ku Ongar ndekha kukapepesa. Alamu anandilandira, anandipatsa tiyi, anamvetsera zonse. Anati zatha, nkhani zimachitika. Kiyi uja ndinamuika patebulo, iwo anandiperekeza mpaka panja n'kundibwezera m'manja. Kwathu sanapondekonso. Madzi akatayika saoleka.

Vani inakonzedwa, imaima bwinobwino. Lamulungu lotsatira ndinaona mkazi wanga akuvala jekete, ndinatenga makiyi.

"Tiye ndikuperekeze kwa achimwene ako," ndinatero.

"Ayi, khalani," anayankha. "Mukapezeka inu, achimwene sayankhula."

Kuchokera kwathu kukafika ku Ongar ndi mabasi awiri. Mpaka lero amapita yekha, mvula kaya dzuwa, ine n'kumamuyang'ana pawindo akudikira basi.