Mkulu Wotembenuza Maginito

Pamalo ena ofufuzira za sayansi mumzinda wa Hamburg pali mkulu amene wakhala akuyang'anira maginito chiyambire pamene mtsinje wa Elbe unali kangalande. Anthu a pamenepo amaphwanya tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa pulotoni, n'kumawerenga tizidutswa take kuti adziwe mmene timazungulirira. Mkuluyu sakhulupirira kompyuta. Akatembenuza maginito kuti tinthuto tizungulire mbali ina, amalemba tsiku ndi ola m'kope, uku akung'ung'udza kuti, "Makina amanama osaphethira."

Chaka chatha Wiebke, mtsikana wa payunivesite amene ankafufuza pamalopo, anapeza kuti zotsatira za kafukufuku wake zatuluka chadodolido, kutatsala sabata imodzi kuti akaime pamaso pa mapulofesa kukateteza ntchito yake. Ntchito ya zaka zinayi inali pafupi kulowa m'madzi. Analira misozi yokwana kuyandamitsa sitima padoko.

"Pukuta mamina, mwana iwe, ungatidzimbiritsire zitsulo," anatero mkuluyo akutsegula kope lake. Zoonadi, mu Marichi anatembenuza maginito koma kompyuta sinalembe, n'chifukwa chake zotsatira zija zinatembenuka.

Wiebke anakonza masamu ake, nakhoza. Anabwera ndi keke kudzathokoza.

"Bambo, mundilole ndilembe dzina lanu m'buku la kafukufuku wanga."

"Dzina langa lisiye. Dula kekeyo, ndipo chibenthu chachikulucho chibwere kuno."