Mthethe wa Aphunzitsi Ulandira Dzina Latsopano

Aphunzitsi opuma ntchito a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mkaika, sadutsa mtengo osaupatsa moni. Mitengo yonse ya pakhomo pawo imavala tizidutswa ta malata, ndipo pa kachidutswa kalikonse analembapo ndi penti dzina la Chilatini. "Mtengo wopanda dzina ndi nkhuni," amatero, ndipo otola nkhuni amangolambalala.

Pa yonseyo amanyadira mthethe wa kuseri kwa khola. Kwa zaka makumi atatu anaphunzitsa ana asukulu kuti dzina lake ndi Acacia polyacantha, ndipo wolakwitsa ankabwereza kakhumi.

Mwana wawo Vainess, amene amaphunzira zaulimi, atabwera patchuthi anaima pamthethepo.

"Atate, dzinali linatha. Akatswiri anakangana, tsopano akuti Senegalia."

"Ndiye kuti ana onse aja ndinawanamiza?"

"Iyayi, langosintha basi."

"Nanga osinthawo anaupatsa chiyani mtengowu? Kwathu kuno wotcha mwana dzina amabwera ndi nkhuku."

Masiku atatu aphunzitsi sanapondeko kuseri kwa khola. Tsiku lachinayi anatuluka ndi penti. Dzina lakale sanalifufute. Analemba latsopano pansi pake, pang'onopang'ono, Vainess akuwatchulira zilembo. Kenaka anakankha wilibala yodzaza manyowa n'kukhuthula patsinde pa mtengowo.

"Nanga zimenezo n'zachiyani, atate?"

"Anzako ophunzirawo anatcha dzina chimanjamanja," anayankha uku akupukuta manja. "Ndati ndiwachotsere manyazi."