Maiki ya ku Ulongwe ndi Mawu a Nafisa

Nafisa anabadwira ku Nayuchi, kufupi ndi njanji, koma banja ndi limene linamubweretsa kumudzi wina kuseri kwa Ulongwe. Anthu akumeneko amamudziwa ndi manja ake, osati ndi mawu. Mayi akamwalira, wosambitsa thupi ndi iyeyo. Madzi a m'mitsuko ya kumzikiti amatunga ndi iyeyo. Apongozi ake, amene miyendo inawakana kalekale, amawatulutsa padzuwa ndi kuwalowetsa ndi iyeyonso. Zonsezi palibe amene amazitcha ntchito.

Amuna ake, a Swaibu, anapita ku Joni mwana wawo Zuberi akuyamwa. Chaka cha 2016 mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo Nafisa anagulitsa foni yake n'kugula madeya. Kuyambira pamenepo uthenga unkadutsa pakamwa pa anthu: akuti ali bwino, akuti mupirire. Koma iye anali ndi mawu amodzi amene sakanatha kutuma munthu. Ankafuna amuna ake amve kuchokera pakamwa pake kuti abwere kumudzi.

Pa Ulongwe panali kashopu ka a Blasius, amene ankaika nyimbo m'mafoni ndi kujambula makwaya pa kompyuta. Iwowa anapangana ndi a Swaibu kuti Lachisanu, akatuluka kumzikiti, a Swaibuwo adzalankhule ndi Nafisa kudzera pa kompyutapo kwa mphindi makumi awiri, asanabwerere kuntchito. Tsikulo litafika, Nafisa anadya mango osapsa ophika m'mawa, nayenda wapansi mpaka kufika.

M'kashopumo munali amuna atatu odikira nyimbo zawo. A Blasius anamulozera mpando, koma Nafisa anagwada pansi pafupi ndi chitseko, monga amachitira pamaso pa amuna. Posakhalitsa mawu anatuluka m'sipika.

“Halo? Amake Zuberi, muli pomwepo?”

Nafisa anawazindikira mawuwo. Anayankha moni, koma a Swaibu anangopitiriza kuitana.

“Musadandaule, mayi,” anatero a Blasius. “Maiki iyi yajambula makwaya asanu ndi awiri, singalephere pa inu nokha.”

Anazula chingwe cha maikiyo pabowo la USB lakutsogolo, napemerera fumbi, nachilowetsa kumbuyo. Kanyali kofiira kanayaka. Anafufuza pa kompyutapo n'kupeza kuti inali isanasankhe maikiyo, nayisankha. Kenaka anaweramira pafupi nati, “A Swaibu, mukundimva?” Kamzere kobiriwira kosonyeza mawu pa kompyutapo kanadumpha.

“Inuyo ndikukumvani bwinobwino. Ndipatseni akazi anga.”

“Eya, lankhulani tsopano, mayi,” anatero a Blasius, maso ali pa kompyuta, msana atalozetsa kwa Nafisa.

Nafisa analankhula. Kamzere kaja sikanagwedezeke.

“A Blasius, mwina maiki yanuyi nayonso yagona ndi njala,” anatero mmodzi wa amuna aja, anzake n'kuseka.

“Inu khalani chete, simudziwa ngakhale poyatsira.”

A Blasius anakweza mphamvu ya maikiyo mpaka pamapeto. Anasintha bowo kachiwiri. Pomaliza anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ndipo mphindi zisanu zinathera pomwepo. Ataimbanso, a Swaibu anali atayamba kutopa. “Kapena sakufuna kundilankhula? Nenani chilungamo, a Blasius. Abwana andiitana posachedwa.”

Nafisa analuma nsonga ya mpango wake. Zaka zitatu wakhala akuyankha anthu kuti amuna ake sanamuiwale, ndipo lero iwowo ndi amene akuganiza kuti iye wawataya.

Pakhomo panali pataima a Matilda, akazi a a Blasius, tsache lili m'manja. Ndi iwo amene amapukuta kompyutayo m'mawa uliwonse ndi kuifunditsa chitenje madzulo, ngakhale pachikwangwani panja pali dzina la amuna awo okha. Anayang'ana maiki ili patebulo, nayang'ana Nafisa ali pansi, mutu atazolika, mpango uli pakamwa.

“Bambo, inuyo polankhula mumachita kuipsompsona maikiyo. Nanga mnzangayu ali kuti?”

A Blasius anatembenuka, koyamba chiyambire. Anayesa kutsitsa maikiyo, koma chingwe chake chinali chachifupi, sichinafike ngakhale m'mphepete mwa tebulo.

“Achemwali, khalani pampando,” anatero a Matilda.

“Iyayi, pali azibambo.”

“Azibambo atuluka. Tiyeni, nonsenu, kaoneni maminibasi. Inunso, bambo.”

Amuna aja anatuluka akung'ung'udza, ndipo a Matilda anatseka chitseko n'kuima kunja ndi tsache lawo. Nafisa anakhala m'mphepete mwa mpando ngati ukuotcha. Anachotsa mpango pakamwa, nasendera mpaka milomo inatsala pang'ono kukhudza maikiyo.

“Bambo a Zuberi, ndine.”

Kamzere kobiriwira kanadumpha.

“Nenaninso,” anatero a Swaibu.

Panjira Nafisa anali atakonza zonena zambiri: za madeya, za mbuzi imene inafa, za zilonda za apongozi. Nthawi yake inali itadyedwa ndi chingwe ndi mabowo.

“Amayi anu amafunsa za inu ndikamawatulutsa padzuwa. Ine sindifunsa munthu. Ndikunena kwa inuyo. Bwerani kumudzi, ngakhale chimanjamanja.”

Munthu wina anakuwa dzina la a Swaibu chapatali.

“Ndamva, amake Zuberi. Ndamva ndithu.” Ndipo foni inaduka.

A Swaibu sananene tsiku lobwera. Nafisa anathokoza a Matilda ndi manja awiri, nauyamba ulendo wobwerera, poti dzuwa linali litapendeka ndipo apongozi anali akadali panja. Masiku otsatira ankatunga madzi a kumzikiti monga kale. Koma minibasi ikaima pamsewu, ankatula ndowa pansi, n'kudikira mpaka womaliza atatsika.