Chingwe cha M'katoni ya a Mawaya

Chiyambire ntchito yokonza makompyuta, a Mawaya sanatayepo chingwe. Kompyuta ikafa ankaisosola ngati nkhuku, zingwe zonse n'kuponya m'katoni pansi pa tebulo, ndipo dzina loti Mawaya linachokera pamenepo. Malemu akazi awo ankati katoniyo tsiku lina idzaswa njoka.

Ntchito ankaidziwa, tisawanamizire. Koma maso anali atayamba kuchita chifunga, ndipo iwo ankabisa. Mwana wawo wamkazi, wojambula mapulani a nyumba, ankawanyengerera kuti atseke kashopuko akakhale kwa iye. Ankakana kwamtuwagalu. Ankaopa kukathera pakhonde la mkamwini, n'kumangoyang'ana magalimoto odutsa.

Ndiye mwanayo atagula zida za kompyuta yatsopano ya kuntchito kwake, a Mawaya anaumirira kuti amange ndi iwo, iye ali pomwepo, kuti aone yekha kuti manja akadalipo.

Zinayamba bwino. Purosesa, ubongo wa kompyuta, inakhala pamalo pake, bolodi lalikulu linamangidwa, timisomali tomangira osatsala. Kenaka anafika pa chingwe chopititsa magetsi ku purosesa. Pamenepa pali mapulagi awiri ofanana ngati mapasa: ina ya purosesa, ina ya khadi la zithunzi. Timalemba take n'tating'ono, koma zala zawo zinkadziwa kuti ya purosesa imagawanika pakati penipeni, mano anayi uku anayi uku, pomwe inzakeyo imapatula mano awiri okha kumapeto. Anaipeza osayang'ana n'komwe. Tsoka lake, chingwecho atachidutsitsa kuseri kwa bolodi, chinaperewera pang'ono.

Dzanja linapita lokha m'katoni. Anafufuza mpaka anagwira chachitali, cha pulagi yogawanika pakati. Uku chinalowa pa bolodi, uku pa bokosi logawa magetsi m'kompyutamo, popanda kukakamiza.

Koma chinali chochokera ku bokosi la kampani ina. Mano amalowa ndithu, pomwe mawaya a m'kati anayalidwa mosiyana, ndipo a Mawaya eni akewo anachenjezapo anthu ambirimbiri za zimenezi. Kapepala kosonyeza kampaniyo kanali pachingwe pomwepo. Anakayandikitsa kumaso, anangoona mzere wotuwa. Mwana anali chiimire pambali pawo, ndipo kumupempha kuti awerenge kunali kudziulula. Anadziuza kuti n'chimodzimodzi, n'kudina batani.

Fani inagwedezeka kamodzi n'kuima. Kenaka kunabwera fungo la pulasitiki wopsa, fungo limene wokonza makompyuta aliyense amalidziwa asanaone utsi.

Mwanayo anazula chingwecho, anawerenga kapepala kaja, anayang'ana bokosi la magetsi, kenaka bambo ake. Iwo anadikira kukalipiridwa, ndipo akanakondwa nako, pajatu amene akumukalipira ndiye kuti akumuwerengerabe. Koma iye anangopinda chingwecho n'kuchiika m'chikwama chake.

“Bolodili linali lakufa kale, bambo. Si inu ayi.”

Anayankhula ndi mawu aja amene amatonthozera nawo kamwana kake kakagwa pansi. Bodza lachifundolo linawapweteka a Mawaya kuposa mbama. Anakhala pampando, manja ali pamaondo. Panja wina ankagogoda pazenera, atanyamula kompyuta m'khwapa, koma a Mawaya sanadzuke kukatsegula.

“Mwana wanga,” anatero a Mawaya, “chipinda unkanena chija kunyumba kwako, dzuwa limalowamo?”